Che Bakali ndi Silabu Yotitimira ya pa Nkope

Che Bakali anabadwira pa Nkope m'banja la asodzi, koma nyanja sinawafune. Akangoponda m'bwato mutu unkayamba kuzungulira, m'mimba mukuwira, mpaka anzawo anatopa nako kuwabweza kumtunda ali lefu. Choncho mu 1947, ndevu zitangoyamba kumera, anatsata amalume awo ulendo wapansi wa ku Halale kukafuna ntchito ya pouma.

Kumeneko anayamba ndi kuponda daka ndi kukankha wilibala pa kampani ina yomanga nyumba zosanja. Kapitawo wawo anali Mtaliyana wamfupi, wokalipa, amene ankaphunzitsa ndi zala chifukwa chilankhulo chinkamuvuta. Kwa munthu ameneyu ndi kumene Che Bakali anadziwira konkire: kuti mchenga wosakanikirana ndi dothi umanamiza, kuti wochulutsa madzi m'simenti ndi waulesi, kuti silabu yatsopano imafuna kuthiriridwa sabata yathunthu ngati nazale ya fodya. Anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Pobwerera kwawo anali ndi njinga, sutikesi yachitsulo, zipande ziwiri zomangira, ndi levulo yamtengo yoyezera kupendekeka, imene ankaikulunga m'nsalu.

Anakwatira a Zena, amene aliyense ankangowatchula kuti Abiti Mustafa, namanga nyumba ya njerwa zowotcha kuseri kwa mzikiti. Ntchito inkawalondola yokha. Masitolo a kuboma ku Mangochi, makonde a nyumba za aphunzitsi, zipinda za alendo ku Makokola, konseko anapondako. Munthu akafuna pansi posalala, poti madzi ukawathira amadziwa kolowera, ankatumiza uthenga kwa Che Bakali.

Zinthu zinatembenuka mu 1977. Akumalizitsa khoma la sitolo ina kuboma, mtengo wa nsanja imene anaimapo unathyoka, iwo n'kugwera pamulu wa njerwa. Chiuno chinapola, ngakhale anatsala akutsimphina, koma dzanja lamanja linayamba kunjenjemera ndipo silinasiyenso. Chipande chinkavina m'manja, matope n'kumagwera pambali pa njerwa. Palibe amene anawanena zoipa. Anthu anangosiya kuwaitana. Amisiri amene iwo anawaphunzitsa ankatsika panjinga, kupereka moni waulemu, kenaka n'kupitirira kuntchito kwawo. Zaka ziwiri zinatha Che Bakali ali pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pawo, akulimbana ndi kusoka maukonde a eni ake, ntchito imene sankaidziwa bwino ndiponso sankaikonda. Banja linkaima ndi mandasi a Abiti Mustafa.

Chaka cha 1980 chinayamba ndi madzi. Mvula inkagwa yosapumira, nyanja inakwera mpaka kumiza mathandala oyanikapo usipa, ndipo nthaka ya m'mphepete monse inafewa ngati phala. Mafuta a galimoto ankavuta, simenti nayo inasowa m'masitolo.

M'mawa wina mu Januwale, pakhomo pawo panafika mayi Enid Chipanda, namwino wopuma pantchito, wa mpingo wa Angilikani. Amuna awo, a Jenkins, anagwira ukalaliki wa sitima zapanyanja ku Monkey Bay kwa zaka makumi atatu, koma chaka chapitacho anagwidwa ndi matenda opha ziwalo. Mbali yonse yakumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi, movutikira.

Abiti Mustafa anayala mphasa, poganiza kuti mlendoyo ndi wawo.

"Lero ndabwerera bambowa," anatero mayi Enid atatha malonje. "Che Bakali, silabu ija ya kwathu yatitimira."

"Iti, mayi?"

"Yoyendapo galimoto, yochokera pageti kufika pakhonde. Chigawo chakukhonde chamira mbali imodzi. Galimoto ikati ifike, imakhula pansi. Madzi onse a pabwalo akuthamangira kumaziko a nyumba."

Che Bakali anayang'ana ukonde umene unali pamiyendo pawo. "Amisiri alipo ambiri masiku ano, mayi. A manja abwino."

"Abwera awiri. Onse akuti tiphwanye, tithire ina. Simentiyo ndiipeza kuti? Ndili ndi matumba awiri okha amene anatsala pokonza bafa." Mayiwo anatsitsa mawu. "Nkhani si galimoto ayi. A Chipanda amayenera kupita kuchipatala Lachiwiri lililonse kukawongoledwa miyendo. Kale galimoto inkafika pakhonde penipeni, ine ndi mchimwene wanga Simioni n'kuwatsetserezeramo. Pano akuyenera kunyamulidwa ndi amuna anayi mpaka kugeti, anthu apamsewu akuonerera. Mukuwadziwa thupi lawo. Akana. Mwezi watha tsopano osapita."

"Dzanja langali mukuliona?"

"Ndikuliona. Ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, ndikudziwa kuti likunjenjemera ndi dzanja, osati mutu. Silabu imeneyo munathira ndinu. Bwerani mudzangoiona."

Anapita madzulo a tsiku lomwelo, levulo ili m'khwapa. A Jenkins anali pampando wa ndalema pakhonde, ndodo yokhota kumutu ili pambali. Anakweza dzanja lamanzere powalonjera, nawayang'ana nthawi yaitali.

Silabuyo inali ya zigawo zitatu. Ziwiri zakugeti zinali bwinobwino. Chachitatu chinapendekera kunyumba, ngodya imodzi itamira kuposa chikhatho. Che Bakali anavula nsapato n'kuyendapo ndi mapazi. Anatola mwala n'kumagogoda apa ndi apo, khutu lili pansi. Kugeti kunkamveka kuti "ti, ti." Kufupi ndi khonde kunamveka "du, du," ngati ng'oma.

"Pansipa pali mphako," anatero. "Koma silabuyi ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Ndinaikamo waya wochindikala. Siyofunika kuphwanya, mayi. Yofunika kuidzutsa."

"Kuidzutsa? Chimwala chonsechi?"

"Lole yodzaza ndi matumba a usipa amaidzutsa bwanji tayala likaphulika?"

Simioni, mchimwene wa mayi Enid, anali bambo wa zaka makumi anayi, wogula nsomba m'madoko n'kukagulitsa ku Limbe. Lole yake inali itangokhala chifukwa chosowa dizilo, choncho anabweretsa jeke yake, nabwerekanso ina kwa mnzake wa ku Nkhudzi. Anakokanso chitsulo chachitali cha lole ina yakufa imene inkachita dzimbiri kuseri kwa nyumba yake. Asodzi atatu, amene mphepo inkawaletsa kulowa m'madzi sabata imeneyo, anavomera kudzathandiza kukumba.

Lolemba anakumba ngalande mbali zonse ziwiri za chigawo chomiracho, n'kuboola njira pansi pake kuti chitsulo chija chidutse. Che Bakali sanagwire fosholo. Ankangoloza ndi ndodo, n'kumati, "Apo basi. Musapitirire, mudzagwetsa khonde." Asodziwo poyamba ankayang'anizana, koma pofika masana anali atayamba kufunsa asanakumbe.

Lachiwiri m'mawa anaika majeke kunsonga zonse ziwiri za chitsulocho, pamwamba pa matabwa a mlombwa kuti asamire m'matope.

"Kamodzi kamodzi," anatero Che Bakali. "Simioni, iwe ukapopa katatu, uime. Mnzako apope katatu, aime. Wothamanga aithyola pakati."

Anapopa. Poyamba sipanaoneke kanthu, matabwa okha ndi amene ankalira. Kenaka panamveka kuti "tswee," dothi likulekana ndi konkire, ndipo mzere wakuda unaoneka pansi pa silabu. Ikakwera chala chimodzi, ankalowetsa zidutswa za mitengo yolimba kuti ikhalepo. Mayi Enid anaima pakhomo atagwira pakamwa. Dzuwa lisanafike pamutu, ngodya yomira ija inali itafanana ndi khonde.

Che Bakali anagona chafufumimba m'ngalandemo n'kusuzumira pansi. Analowetsa dzanja lamanzere, natulutsa zinyenyeswa zakuda, zonyowa, zodzaza ndi njira za chiswe. Anazifikisa m'manja, nazinunkhiza. Anadziwa chimene chinali, ndipo kunena zoona anali atachidziwa kuyambira tsiku limene anagogoda ndi mwala lija.

Mu 1969 pamalo pamenepo panali mgwalangwa. Ukwati wa Dorika, mwana woyamba wa a Chipanda, unali utatsala sabata ziwiri, ndipo ankafuna kuti galimoto ya akwati idzafike pakhonde poyenda pa konkire. Mtengowo anaudula, koma kuzula chitsa kukanadya masiku atatu. Che Bakali anachisema mpaka pansi, nachikwirira ndi mchenga, n'kuthira silabu pamwamba. Zaka khumi chiswe chinkadya mwakachetechete, ndipo mvula ya chaka chimenecho inangomalizitsa.

Akanatha kunena kuti ndi madzi a nyanja, ndipo palibe akanawatsutsa. Anatuluka m'ngalandemo, nadzisasa, napita kukagwada pafupi ndi khonde, zinyenyeswa zili m'manja.

"Mayi, bambo, mlandu uwu ndi wanga. Ichi ndi chitsa cha mgwalangwa. Ndinachisiya pansi ndikudziwa kuti mtengo suikidwa pansi pa konkire. Mwavutika mwezi wonsewu chifukwa cha ine."

Mayi Enid asanayankhe, ndodo ya a Jenkins inagunda pansi kawiri. Nkhope yawo inali itafiira, milomo ikulimbana ndi mawu. Onse anadikira.

"A... ayi," anatero. "Ine. Ine n... ndinati... chisiyeni. Inu mu... munakana. Ine ndi... ndinakalipa."

Atatero anayamba kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa, phewa likugwedezeka. Mayi Enid anakhala pansi pomwepo pakhomo. Kuyambira pamene matendawo anawagwira, amuna awo anali asanalumikizepo mawu ochuluka chotero.

"Ndiye nonse awiri ndinu akuba," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka khumi mwandibisira chitsa pakhomo panga."

Tsiku lonselo linathera kukokolola zowola ndi khasu la mpini wautali. Dzenjelo linali lakuya kufika m'chiuno. Anagwirizana zoti m'mawa mwake ayambe kulidzaza.

Koma Lachitatu, asanayambe n'komwe, pageti panafika achinyamata awiri a malaya ofiira. Kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu, kukubwera mlendo wochokera kuboma, ndipo aliyense ankayenera kupita, khadi lili m'manja. Zimenezo sizinali zokambirana. Simioni anathamangira lona ya lole yake, nafunditsa silabu ndi ngalande zonse, n'kutsamiritsa ndi miyala. A Jenkins okha ndi amene anatsala, pampando pawo pakhonde, kapu ya madzi ili pambali.

Mlendoyo anachedwa maola awiri. Amayi anaimba mpaka mawu kusasa. Che Bakali anakhala m'gulu la abambo, akuwomba m'manja pamene ena akuwomba, koma maso ali kuvuma, kumene mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri a kutsidya. Ankawerengera mumtima. Denga la a Chipanda linalibe ngalande yolandira madzi. Madzi onse a malata ankagwera pamzere umodzi, m'mphepete mwa khonde, ndendende pamene panali dzenje. Dzenje likadzaza, matabwa a majeke amira, silabu igwa mbali imodzi n'kuthyoka, mwinanso kukokera khonde lomwe.

Mphepo inayamba mlendo ali pakati pa mawu ake. Madontho oyamba anagwa, akuluakulu. Palibe amene anadzuka. Mvula inakhuthuka, anthu ali chikhalire, mpaka wapampando anaona kuti mapepala a mlendo anyowa n'kutseka msonkhano ndi nyimbo.

Che Bakali anali asanathamangepo chigwereni pansanja paja, koma tsiku limenelo anayesa. Simioni ndi mayi Enid anawapitirira panjira. Pamene iwo ankafika pageti, akupuma ngati mvukuto, anamva mayi Enid akukuwa.

Mpando wa ndalema unali wogwa chammbali. A Jenkins anali pansi, m'mphepete mwa khonde, madzi a padenga akuwathira pamutu ndi pamsana. Mphepo inali itakankha miyala n'kupinda lona mbali ya kunyumba, dzenje n'kutsala poyera. Bambowo anadzigwetsa pampando, nadzikhwekhwereza ndi chigongono chimodzi, nakola lonayo ndi mutu wa ndodo yawo, naikokera pakhonde. Posowa chotsamiritsira, anaikhalira. Thupi lomwe lija ankachita nalo manyazi kunyamulidwa ndi limene linagwira lona pafupifupi ola lathunthu, madzi n'kumatsetserekera kubwalo.

"Mukufuna kufa? Mukufuna mundisiye ndi chibayo?" Mayi Enid ankakalipa uku akuwafunditsa chitenje chawo chonyowa kale. Simioni ndi asodzi anawanyamula kulowa nawo m'nyumba. Akudutsa pakhomo, a Jenkins anatembenuza mutu kufuna Che Bakali.

"Ya... yagwa?"

Che Bakali anakweza lona n'kusuzumira. M'dzenjemo munali madzi osakwana n'kumiza phazi komwe. Majeke anali chiimire.

"Siinagwe, bambo. Alihamdulilahi, siinagwe."

Anakhala pakhondepo kanthawi, mzuli uli m'manja, madzi akutsika m'ndevu. Dzanja linkanjenjemera kuposa masiku onse, ndipo sanalibise.

A Jenkins anadwala chimfine masiku anayi, chibayo ayi. Ntchito inapitirira iwo akumvetsera pawindo. Anadzaza dzenje ndi miyala yoswa, mzere ndi mzere, akuthira mchenga wa kumtsinje pakati pake. Poti pansi pa silabu panali pothina, chotsenderera chinasowa, mpaka Abiti Mustafa, amene anabwera kudzaona chimene chinkawadzutsa amuna awo m'mamawa, anabwerera kunyumba n'kukatenga munsi wawo wakale. Anaudula pakati, ndipo asodzi ankasinthana kusinja nawo chammbali, atagona m'ngalande. Lachisanu anaweruka msanga kuti a ku mzikiti akaswali.

Loweruka ndi limene anatsegula matumba awiri aja. Che Bakali anayeza okha mchenga ndi madzi, n'kupanga phala la simenti lolowa paliponse. Ankalithira ndi ndowa m'mbali, n'kumalikankhira mkati ndi nsungwi mpaka litatulukira mbali inayo. Itafika nthawi yosalaza polumikizira silabu ndi khonde, anatulutsa chipande chawo. Anayesa kamodzi, mzere unakhota. Anayesanso atagwira ndi manja awiri, unakhotabe. 

"Simioni," anatero, "bwera ugwire ichi. Chigoneke pang'ono. Ayi, osakanikiza, ukuchita ngati ukupala mamba a chambo. Chisiye chiziyenda chokha. Eya. Bwerezanso pomwepo."

Mzerewo unatuluka wowongoka. Simioni anauyang'ana ngati wachita wina.

Majeke anawasiya pomwepo masiku asanu ndi awiri, mayi Enid akuthirira m'mawa ndi madzulo ngakhale kunkagwa mvula, chifukwa anauzidwa kutero. Tsiku lochotsa, Che Bakali anamasula okha, pang'onopang'ono, khutu lili pa konkire. Sipanamveke kanthu. Anaika levulo, kadontho ka mkati mwake kanaima pang'ono chabe kumbali imene ankafuna. Kenaka anapempha ndowa ya madzi n'kuikhuthula pafupi ndi khonde. Madziwo anayenda, osafulumira, kusiya nyumba kumbuyo, n'kukatsikira kumaluwa a m'mbali mwa geti.

Lachiwiri lotsatira Simioni anapeza petulo wokwanira ulendo wa kuchipatala. Anabweza galimoto ya a Chipanda chambuyo kuchokera pageti, matayala n'kukwera chigawo choyamba, chachiwiri, chachitatu, mpaka chitseko chinayang'anizana ndi mpando wa ndalema. A Jenkins anali atavala jekete ndi tayi. Anawatsetserezeramo anthu awiri okha, monga kale. Galimoto isananyamuke anatulutsa dzanja lamanzere pawindo, nagwira dzanja lonjenjemera la Che Bakali, osalisiya msanga.

"Sikomo," anatero m'Chiyao. "Sikomo kwejinji."

"Wothokoza ndine, bambo," anayankha Che Bakali. Anafuna kuwonjezera mawu ena okhudza mtengo wa nimu ndi maukonde a eni ake, koma anangomenya padenga la galimoto kuti izipita.

A Jenkins anakhala zaka zina zinayi. Kumapeto kwa chaka chomwecho ankatha kuyenda ndi ndodo kuchokera pakhonde kufika pageti, ndipo kumeneko ankaima n'kumalonjera odutsa. Atamwalira, Che Bakali anakhala nawo pamaliro masiku onse, kunja pamodzi ndi abambo, nyimbo za Angilikani zikumveka m'nyumba.

Mbiri ya silabu yodzutsidwa ndi jeke inayenda m'madoko. Nyanja itabwerera m'malo mwake inasiya makonde opendekera, masitepe olekana ndi zitseko, pansi pa nyumba pomira, kuyambira ku Nkhudzi mpaka kuboma. Anthu anayambanso kufika pakhomo pa Che Bakali, ena mwa iwo amisiri omwe aja ankangopereka moni n'kupitirira. Iwo sankakana ndipo sankakumbutsa munthu zakale. Ankakwera kutsogolo kwa lole ya Simioni, amene anayamba kukonda konkire kuposa usipa, n'kukafika pamalo, kuvula nsapato, kupempha mwala wogogodera. Njerwa sanamangenso mpaka imfa yawo mu 1991. Ntchito yawo yomaliza inali masitepe a mzikiti wina waung'ono kufupi ndi Makokola, ndipo anaiyang'anira atakhala pampando, maso atayamba kale kuchita khungu, akufunsa Simioni kuti madzi alowera kuti.